Wakutsina khutu ndi mnansi: za gulu la alembi la pa Chancellor College

Tikamakamba za alembi a dziko lino timakonda kuwatchula mmodzimmodzi ngati milambe yoima payokhapayokha m'chigwa: a Mapanje apa, a Chimombo apo, a Chipasula uko. Ana asukulu amaloweza chaka chimene aliyense adabadwa ndi mayina a mabuku ake, mayeso akatha n'kuiwala. Chimene sitikamba kawirikawiri n'chakuti anthu amenewa, asanatchuke ngati alembi, adali awerengi a wina ndi mnzake. Ankakumana m'chipinda chimodzi sabata ndi sabata, pepala lili m'manja, n'kumauzana pamaso kuti mzere uwu wakoma, uwu ngwaulesi, uwu ukumangitsa. Ine ndikuti ndakatulo za Chingerezi za Amalawi za m'zaka za 1970 ndi 1980 zidaumbidwa ndi awerengi amenewa, ndipo kukoma kwake ndi chilema chake zonse zidachokera m'chipinda chomwecho.

Gulu ndikunenali lidabadwa mu 1970, Chancellor College ikadali ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, isanasamukire ku Zomba mu 1973. Eni ake ankalitcha Writers Group, ndipo mibadwo yapambuyo idalidziwa ndi dzina loti Writers Workshop. Mwa ophunzira amene adaliyamba mudali a Jack Mapanje, a Lupenga Mphande ndi a Frank Chipasula, pomwe mwa aphunzitsi mudali a Landeg White ndi a David Kerr. Popita zaka mudapezekanso anthu ngati a Steve Chimombo, a Felix Mnthali, a Ken Lipenga ndi a Anthony Nazombe. Kachitidwe kake kadali kosavuta. Munthu akalemba ndakatulo kapena kankhani ankapereka kuti kataipidwe ndi kuchulukitsidwa pa makina opukusa ndi dzanja aja, a inki yodetsa zala. Tsiku lokumana aliyense ankalandira pepala lake, mwini wake n'kuwerenga mokweza, akatha n'kukhala pansi kumamva anzake akusenda ntchito yake ngati chinangwa. Padalibe malikisi, padalibe satifiketi. Mphunzitsi naye akabweretsa yake ankasendedwa chimodzimodzi.

Chaka chotsatira, mu 1971, kudatuluka kabuku kotchedwa Mau, ka ndakatulo 39, kosindikizidwa ku Hetherwick Press mu Blantyre momwemo. Dzina lake n'lachichewa koma zam'kati n'zachingerezi, ndipo nkhani imeneyi ndiibwerera kutsogoloku. Kenaka kudabwera magazini ya Odi ndi timapepala ta The Muse, momwe ndakatulo zambiri zimene lero zili m'mabuku a ku London zidaonekera koyamba zikadali zaziwisi.

Kuti timvetse chifukwa chake achinyamata ochepa owerengerana mapepala adakhala chinthu chachikulu chotere, tikumbukire mmene dziko lidalili. Mkangano wa nduna wa 1964 udabalalitsa anthu ophunzira ambiri. A David Rubadiri, amene akadakhala nkhalakale ya alakatuli athu, adatula pansi udindo wa ukazembe n'kukhala kunja. A Legson Kayira, mlembi wa I Will Try, nawonso ankalembera kutsidya kwa nyanja. Mu 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi, mu 1968 kudabwera lamulo lopatsa bungwe la Censorship Board mphamvu zoletsa buku, sewero, kanema kapena nyimbo iliyonse, ndipo mu 1971 Dr. Banda adakhala pulezidenti wamuyaya. Mnyamata wofuna kulemba m'masiku amenewo adalibe gogo woti akam'funse nzeru, adalibenso nyuzipepala yoima payokha yoti iunike zolemba zake. Adali ndi mnzake wa m'kalasi basi. Ndiye adachita zimene ana amasiye amachita: kulerana okhaokha.

Koma m'chipindamo simudali abwenzi okhaokha. Aliyense ankadziwa kuti pakati pa omvera pangathe kukhala kazitape, woti mawa lake pepala lomwelo likapezeka pa tebulo la apolisi a Special Branch. Mantha amenewa sadali a kumaloto ayi: a White adapitikitsidwa m'dziko muno mu 1972, ndipo a Mnthali adatsekeredwa pakati pa zaka za m'ma 1970 popanda kuzengedwa mlandu. Choncho mlakatuli ankalembera awerengi awiri nthawi imodzi. Woyamba adali mnzake, woti amve zonse. Wachiwiri adali kazitape, woti amve kankhani ka nyama chabe, kapena akakayikira asowe pogwira. Ine ndimaona kuti kalembedwe konse ka m'badwo umenewu kadachokera pa vuto limeneli, ndipo amene ankayesa ngati ndakatulo yakwanitsa ntchito ziwirizi lidali gulu lija. Anzako akapanda kumva, ndiye kuti wabisa mopitiriza. Akamva msanga n'kuyamba kuyang'ana kuchitseko, ndiye kuti wavula kwambiri.

Pobisala adapapeza pamalo pamene boma silikadatha kukana. Kamuzu mwini wake ankalalikira za miyambo ya makolo pafupifupi pamsonkhano uliwonse. Nanga ndani akadamanga mwana wasukulu kaamba kofotokoza nthano ya bilimankhwe, ya Kaphirintiwa, ya M'bona wa ku Khulubvi, ya Napolo wogumula mapiri? Achinyamatawa adabwerera ku nthano, ku nyimbo za pamtondo, ku zining'a ndi mikuluwiko, njira zimene amayi athu akhala akudzudzulira amuna awo ndi mafumu kuyambira kalekale popanda kutchula dzina la munthu. Ena mwa iwo ankazikondadi zinthuzi ndi kuzifufuza, moti a Mapanje adakhala mkonzi wa kamagazini kotchedwa Kalulu kosonkhanitsa nthano ndi nyimbo za makolo. Komabe tisanamizane, amangwetu: chikondi cha miyambo ndi kuopa Mikuyu zidayendera limodzi.

Njira imeneyi ikayenda bwino inkabala zinthu zokongola zedi. Tengani ndakatulo ya a Mapanje yotchedwa Song of Chickens. Nkhuku zikufunsa mbuye wawo kuti zatani kuti iye amene ankadzitama kuti adzaziteteza kwa akabawi ndi adani onse, lero ndi yemwe akuzizinga pofuna kusangalatsa mlendo. Anthu ambiri amaimasulira ndakatuloyi poganizira ulendo wa John Vorster, nduna yaikulu ya boma la tsankho la ku South Africa, amene adalandiridwa ndi ulemu wonse kuno mu Meyi 1970. Amene adali m'chipinda chija sadafune kuuzidwa kuti mlendoyo ndani. Koma taonani ubwino wake: ngakhale munthu amene sadamvepo za Vorster ndakatuloyi imam'khudza, chifukwa mwana aliyense wokulira kumudzi adaonapo nkhuku imene ankaipatsa madeya dzulo ikuthamangitsidwa lero poti kwabwera alendo. Chinsinsi cha ndale chili pansi, koma pamwamba palinso chakudya chokwanira. Apa ndiye pali umboni wa awerengi abwino, amene sadalole mnzawo kuti angobisa basi, adafunanso kuti chobisiracho chikhale chamoyo pachokha.

Ndakatulo imene ine ndimaiona ngati galasi la gulu lonselo ndi ya a Chimombo yotchedwa Four Ways of Dying. Pakufunika wina woti akhale nsembe, ndipo nyama zinayi zikuyankha, iliyonse m'njira yake. Nkhanu ikuyenda cham'mbali, siilunjika pa nkhani iliyonse. Bilimankhwe akusintha maonekedwe kuti afanane ndi pamene waima, phazi lililonse akuliponda ataliganizira kaye. Mfuko wakumba njira zake pansi pa nthaka, za kunja sizikum'khudza. Wotsiriza ndi kalilombe, bilimankhwe wamkulu uja amene makolo ankati akafuna kubereka amadzigwetsa kuchokera mumtengo, mimba n'kuphulika, ana n'kutuluka iye atatsirizika. Tangoganizani ndakatulo yotere ikuwerengedwa pamaso pa anthu amene aliyense wa iwo ankadziwa kuti ndi nkhanu, kapena mfuko, kapena bilimankhwe. Sikukamba za Kamuzu kwenikweni. Ikukamba za ife ophunzira, aphunzitsi, ogwira ntchito m'boma, amene tinkafuna kuona mawa. Ndipo mutu wake suchitira chifundo aliyense: sukuti njira zitatu zopulumukira ndi imodzi yofera, ukuti zonse zinayi n'zofera. Woyenda cham'mbali nayenso akufa, kungoti akufa pang'onopang'ono, malipiro akulandira.

Ndimaikonda ndakatulo imeneyi chifukwa ndi pamene gulu lidadzitsina khutu lokha. Anthu ankadziwa kuti ubilimankhwe umene ankaunyadira ngati luso udalinso mtundu wina wa mantha, ndipo mmodzi wa iwo adalimba mtima n'kunena. Munthu wolembera yekha m'chipinda mwake sindikhulupirira kuti akadafika pamenepa. Pamafunika kukhala pakati pa anzako zaka zingapo, kuwamva mmene amazembera, kudzimva wekha mmene umazembera, kuti ulembe chinthu chotere.

Tsono chilema chake nachi. Gulu la awerengi likazolowerana kwambiri limayamba kumvana ndi maso, ndipo mlembi amaiwala kuti kunja kwa chitseko kuli anthu. Pofika m'zaka za m'ma 1980 bilimankhwe adasanduka yunifolomu. Mnyamata aliyense wofuna kuoneka mlakatuli ankayenera kukhala ndi bilimankhwe wake, m'bandakucha wake, Sapitwa wake, Dzenje la Chingwe lake. Werengani The Haunting Wind, buku la ndakatulo limene a Nazombe adasonkhanitsa n'kutuluka mu 1990: muli ndakatulo zamphamvu ndithu, koma mulinso zina zimene mukamaliza kuzimasula mumapeza kuti m'phukusimo mudalibe kanthu, kudali kukulunga kokhakokha. Ngakhale akatswiri eni ake sadapulumuke. M'buku la a Chimombo la Napolo Poems la 1987 muli ndime zina zimene zimandilemera, zoti munthu ayambe waphunzira mbiri ya M'bona ndi miyambo ya kukachisi kuti alowemo. Napolo adagumuladi phiri la Zomba mu 1946, adaononganso ku Phalombe mu 1991, ndipo anthu a m'madera amenewa amam'dziwa ndi misozi. Koma Napolo wa m'ndime zina za bukuli ngwa m'laibulale, agogo a ku Phalombe sangam'zindikire.

Aphunzitsi ena nawo adaonjeza mchere pachilonda pophunzitsa ndakatulozi ngati masamu. Amalemba pabolodi kuti tambala ndi chipani cha Kongeresi, m'bandakucha ndi ufulu wa 1964, mfumu ndi Kamuzu, bilimankhwe ndi mlakatuli. Mwana aloweze, akhoze mayeso. Aaa, kodi ndakatulo ndi loko woti ukapeza kiyi wamaliza? Ngati zili choncho ndiye kuti chipani chimodzi chitatha ndakatulozi zidathanso ntchito. Ine ndimakana. Nkhuku zija zikufunsabe funso lawo kwa mbuye aliyense amene tam'sankha kuyambira 1994, ndipo nkhanu zikadalipo m'maofesi athu. Koma kuti mwana aone zimenezi pamafunika azikambirana ndi anzake momasuka monga ankachitira eni ake, osati kukopera pabolodi.

Ndibwerere ku nkhani ya chiyankhulo ija. N'chifukwa chiyani anthu okonda nthano za makolo chotere adalemba m'Chingerezi? Zifukwa zomveka zilipo. Mu 1968 Chichewa chidakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ndi m'manyuzipepala, ndipo mu 1972 kudabwera bungwe la Chichewa Board. Kamuzu ankachitenga Chichewa ngati munda wake, moti ankatha kuima pamsonkhano n'kumakonza mmene anthu ayenera kuyankhulira. Kwa Mtumbuka, Mtonga kapena Myao wa m'gulu lija, Chingerezi chidali bwalo lopanda mwini pamene onse ankakumana mofanana. Komanso kulemba nkhani ya nkhuku ija m'Chichewa kukadakhala kudziponya m'kamwa mwa ng'ona, pakuti payoniya aliyense ndi tcheyamani wa nthambi aliyense akadaimva tsiku lomwelo. Chingerezi chidali mpanda wachiwiri kuseri kwa mpanda wa zining'a.

Zonsezi ndikuzimva, koma mtengo wake udali wokwera. Nkhanu, mfuko ndi kalilombe adatengedwa kumudzi n'kulowetsedwa m'Chingerezi, ndipo kumudziko sadabwerereko. Mayi amene nyimbo yake ya pamtondo idaphunzitsa mlakatuli kubisa mawu sadamvepo chimene mwana wake adapanga ndi luso limenelo. Timati alakatuliwa ankayankhulira anthu osauka, n'zoona, koma ankayankhula anthuwo kulibe. Owerenga awo enieni adali mazana ochepa a ku Chirunga, kuonjezapo akatswiri a ku York, ku London ndi ku America.

Pamene izi zinkachitika, kunja kuno kudali magulu ena a awerengi amene palibe adawalembera mbiri. Ndikunena za m'mahositelo a sukulu za sekondale, m'maofesi a boma ndi m'malokeshoni, mmene buku limodzi linkayenda m'manja makumi angapo mpaka chikuto kuthothoka. Ife amene tidakulira m'menemo tikukumbuka malamulo ake: wabwereka lero ubweze mawa m'mawa, usapinde tsamba, ndipo ukadziwa mathero utseke pakamwa. Nthawi zina masamba otsiriza ankakhala atathothoka kale, ndiye umayenera kusaka amene adaliwerenga lisanathothoke kuti akuuze mmene zidathera, iye n'kumaonjezamo zake. Mabuku ake adali a James Hadley Chase, a Mills & Boon, ndi a Pacesetters amene kampani ya Macmillan idayamba kutulutsa mu 1977. A Aubrey Kalitera adaona msika umenewu n'kuyamba kudzisindikizira okha mabuku awo mu Blantyre pa dzina la Power Pen Books. Ku mbali ya Chichewa kudali Kukula ndi Mwambo la a John Gwengwe, Ntchito za Pakamwa la a E. J. Chadza, Njala Bwana la a Willie Zingani, ndi mabuku a a Jolly Max Ntaba, amene ambiri adawadziwira kusukulu koma ankawerengedwanso ndi makolo pakhonde mwana akagona.

Awerengi amenewa nawonso adali ndi chiweruzo chawo, chachidule koma chosanyengerera. Buku likazizira ankangoti n'lozizira, ndipo silinkayendanso. Chimene chimandiwawa n'chakuti magulu awiriwa sadakumane. A ku Chirunga adali ndi luso losenda mzere koma owerenga ochepa. A m'hositelo ndi m'lokeshoni adali ndi njala ya kuwerenga ndi chiwerengero, koma padalibe amene adakhala nawo pansi kukambirana chifukwa chake nkhani ina imagwira mtima pomwe ina siigwira. Mabuku a Chichewa makamaka adakula opanda wowatsina khutu. Ankayesedwa ndi funso limodzi lokha, loti kodi ndi oyenera ana asukulu, ndipo n'chifukwa chake ambiri mwa iwo amathera pa chilango cha munthu woipa ndi phunziro la khalidwe, ngati ulaliki wa Lamulungu.

Palinso funso la amayi. Tchulani mayina onse otchuka a gulu lija, mupeza kuti ngaamuna okhaokha. Mayi wa Chimalawi amene buku lake lidayendadi m'manja mwa achinyamata m'zaka zimenezo adali a Walije Gondwe, amene Love's Dilemma yawo idatuluka mu Pacesetters mu 1985, iwo ali ku Britain. Adadzera khomo lina, la mabuku aja amene anthu a ku yunivesite ankawayang'ana ndi diso la kumbali. Gulu limene lidaphunzira kubisa mawu kwa amayi a pamtondo silidatulutse mlakatuli wamkazi wodziwika ngati amuna aja, ndipo ameneyu ndi mlandu umene okamba mbiri yake sayenera kuulumpha.

Kodi mpanda wa zining'a udatetezadi eni ake? Kwa kanthawi, eya. Of Chameleons and Gods ya a Mapanje idatuluka ku London mu 1981 m'gulu la mabuku a African Writers Series a kampani ya Heinemann. Boma silidaliletse poyera bukuli, koma mu 1985 lidachotsedwa m'masitolo, m'malaibulale ndi m'sukulu. Apa ndi pamene lidalowa m'gulu lachiwiri lija la awerengi: lidayamba kuyenda m'matumba, lokutidwa ndi pepala la khaki ngati kope la masamu, wobwereka osafunsa kumene wobwereketsa adalitenga. Pa 25 Sepitembala 1987 a Mapanje adagwidwa ku Zomba n'kukatsekeredwa ku Mikuyu, komwe adakhala zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri popanda mlandu, mpaka Meyi 1991. Kazitape uja adali ataphunzira kuwerenga, kapena adangotopa n'kuganiza kuti chimene sakuchimva n'choopsa. A Chipasula, amene adachoka msanga n'kukaphunzira ku Zambia kenaka ku America, adalemba O Earth, Wait for Me ya 1984 ndi mawu olunjika, magazi akutchedwa magazi, ndende ikutchedwa ndende. Ena amati ndakatulo zawo n'zaukali mopitiriza. Ine ndimati zimatisonyeza mmene anzawo otsala kumudzi akadalembera pakadapanda wowerenga wachiwiri uja m'chipinda, ndipo poziika pambali pa za a Mapanje ndimaona kuti ufulu udawapatsa mphamvu koma udawachotsera nthabwala yoluma ija imene imabadwa munthu akamayankhula mdani ali pomwepo.

Tsiku limene dziko lonse lidasanduka gulu limodzi la awerengi lidali la 8 Marichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi. Idasindikizidwa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Mudalibe bilimankhwe, mudalibe Napolo. Idanena za malipiro ochepa, za zipatala ndi sukulu, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, m'mawu oti agogo amve. Boma litalamula kuti kupezeka nayo ndi mlandu, anthu adaichulukitsa pa makina a fotokope n'kumapatsirana m'mabasi ndi m'maofesi, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka idatenthedwa. Ophunzira a pa Chancellor College pomwepo adayenda pamsewu kuivomereza. Patangotha chaka ndi miyezi itatu, pa 14 Juni 1993, Amalawi adavotera matipate. Sindikunena kuti kalata idaposa ndakatulo, pakuti ntchito zake n'zosiyana, ndipo ndakatulo zidasunga moto zaka makumi awiri pamene maguwa ambiri adali chete. Koma kalatayo idaonetsa poyera chiwerengero cha awerengi amene alakatuli athu sadawafikire, anthu okonzeka kuika moyo pachiswe kaamba ka pepala lolembedwa m'chiyankhulo chawo.

Ufulu utabwera zinthu zidatseguka. Manyuzipepala adaphuka ngati bowa, bungwe la Malawi Writers Union lidakhazikitsidwa mu 1995, ndipo ndakatulo za Chichewa zidapeza bwalo pa wailesi ndi m'maholo, anthu ngati a Benedicto Wokomaatani Malunga akutsogolera. Ichi n'chinthu chosangalatsa, ndipo amene amati Amalawi sakonda zolembalemba sadapiteko kumene mlakatuli wa Chichewa akulakatula holo itadzaza. Koma ndikapita kumisonkhano ya alembi ndi okonda mabuku masiku ano ndimaona kuti mwa awerengi awiri aja tidachotsa onse awiri. Kazitape adapita, zikomo kwambiri. Koma mnzako wosenda uja adapita naye limodzi. Munthu amaimirira, kuwerenga, ife kuwomba m'manja, wina kuimirira. Ukayerekeza kunena kuti ndime yachitatu ikubwereza yoyamba, kapena kuti mwambi wauika pamenepo sukugwirizana ndi nkhani, amakuyang'ana ngati wabwera ndi nsanje. Mabuku ambiri akutuluka odzisindikizira okha, osadutsa m'manja mwa wowerenga wina aliyense kupatula mwini wake ndi wotaipa, ndipo zimaoneka pofika tsamba lachiwiri.

Ena adzati m'masiku amenewo anthu ankasendana chifukwa mzere wolakwika ukadatha kukutengera ku Mikuyu, ndipo popanda choopsa chotere palibe angadzivutitse. Mwina pali choona pamenepa, koma sindifuna kukhulupirira kuti Mmalawi amawerenga mosamala pokhapokha mfuti ili pakhosi. Zimene gulu lija linkachita sizidafune ndalama za mabungwe akunja kapena holo ya hotela. Zidafuna chipinda, mapepala okwanira aliyense, ndi kugwirizana kuti amene wakuuza kuti mzere wako ngwopunduka adzabweranso sabata yamawa ndi wake kuti nawe umuuze. Chokhacho chimene ndingasinthe n'chakuti chitseko chikhale chotsegukira wolemba m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, ndipo amayi asakhale ongodzaphika tiyi.

Pali ntchito ziwiri zimene zikudikira. Yoyamba njosindikizanso. Ine sindidaonepo Mau pa shelefu ya sitolo ya mabuku iliyonse, ndipo mbiri ya gululi imene a Mphande adalemba mu 1996 idatuluka m'magazini ya ku America yotchedwa Research in African Literatures, kutali ndi mwana wa ku Ndirande kapena ku Chibavi. Sukulu ya ku Chirunga, imene kuyambira 2021 ikudziwika ndi dzina loti University of Malawi, ndiyo mwini wa chuma chimenechi, ndipo ingathe kusonkhanitsa Mau ndi zosankhidwa za mu Odi ndi The Muse m'buku limodzi lotsika mtengo, ena mwa eni ake akadali moyo kuti afotokoze zimene zinkanenedwa m'chipinda chija. A Chimombo adatisiya mu 2015, a White mu 2017, a Rubadiri mu 2018. Yachiwiri njomasulira. A Malunga adatembenuza Things Fall Apart ya Chinua Achebe kukhala Chipasupasu, ndipo Okonkwo adayankhula Chichewa bwinobwino. Ngati Mnaijeriya adatheka, nkhuku za a Mapanje ndi kalilombe wa a Chimombo sizingavute, pakuti mayina awo ndi nthano zawo zili kale m'chiyankhulo chimene womasulirayo adzalembemo.